Ndimati ndine mtsogoleri, osadziwa kuti ndine wochedwa

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, telala, ndipo ndiyambe ndi kuthokoza: moyo wanga ulibe vuto lalikulu. Ana anakula, makina osokera akulira tsiku ndi tsiku, ndipo bambo akunyumba, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, timakhala bwino. Adokotala atawauza kuti aziyenda chifukwa cha shuga, analowa kagulu kokwera mapiri Loweruka lililonse. Ine ndinawatsatira poopa kuti angakomokere kutchire popanda wowadziwa.

Ndinapita ngati mlonda, koma Aphungu, ndinakodwa! Munthu wozolowera kachipinda ka zenera limodzi, maso pa singano, tizidutswa ta nsalu tili mbwee, ukafike pamwamba mphepo ikukuomba, magalimoto pansipo akuoneka ngati mabatani otayika. Ndinachita kudzisokera chikwama cha kumsana cha matumba ambirimbiri.

Pa ulendo wachiwiri, mkulu wa gululi, mphunzitsi wopuma amene timamutcha Kampasi, anati, "Mayi, inu muziyenda patsogolo." Kuyambira pamenepo malo anga ndi amenewo, mpaka anzanga ananditcha Injini. Ndinkayenda ndi mdidi, ndodo m'manja. Makasitomala anga onse anatopa nayo nkhani yakuti telala wawo amatsogolera amuna kuphiri.

Mwezi watha alamu anga, achemwali a bambowa, anati nawonso akayese. Tisanafike patali anali kale wefuwefu, thukuta kamukamu. Ndinangoona Kampasi akuwadutsitsa n'kuwaika patsogolo panga. Nsanje inandipweteka, ndipo ndinafunsa ngati ndalakwa. Iye anayankha mosaganiza n'komwe: "Ayi mayi, lamulo ndi lomwe lija. Wochedwa kuposa onse ndiye amatsogola, kuti asatsale yekha. Lero mwapumako."

Zaka ziwiri zathunthu ndikudzitama ndi chinthu chimene aliyense ankadziwa kupatula ine! Kunyumba ndinawafunsa bambowa kuti, "Kodi inunso munkadziwa?" Iwo anangoti, "Ndinkadziwa, nanga chalakwika n'chiyani?" uku akutsuka nsapato zawo.

Chandivuta ndi ichi. Dzinja likatha, gulu lathu likupita kudziko lina kukakwera phiri lalitali kwambiri, la chipale chofewa pamwamba, kugona m'matenti masiku angapo. Bambowa anamata chithunzi chake pachitseko cha filiji ndipo amachiyang'ana ngati chibwenzi. Iwo ndi a miyendo italiitali, satopa, koma nthawi zonse amayenda kumbuyo kwanga kwenikweni atanyamula madzi. Tsiku lina ndinamva makanika wa m'gulu lathu akuwanena kuti, "Adalaivala, ndi miyendo yanuyi bwenzi mutafika kalekale." Iwo anaseka n'kuyankha kuti, "Ine pantchito sindinasiyepo munthu pasiteji."

Ndikuopa kuti akalephera kufika pamwamba chifukwa cha ine. Ndinayamba kuthamanga mobisa pamasitepe a nyumba imene muli shopu yanga, ndipo bondo lamanzere latupa. Kodi ndingonamizira maoda a zovala zaukwati n'kutsala, kuti iwo akayende momasuka? Koma mtima ukufuna kupita, Aphungu, ukufuna zedi.

E.N.K., wa m'tauni ya m'tsinde mwa phiri


Mayi E.N.K.,

Pepani, ndaseka, koma sindikuseka inu. Ndikuseka alamu anu amene anakulandani mpando osaudziwa.

Choyamba, lekani lero lomwe kuthamanga pamasitepepo. Mukufuna kuchiza manyazi pothyola bondo? Pitani nalo kuchipatala, ndipo mutengane ndi bambowo kuti adokotala akuyezeni nonse ndi kunena ngati shuga wawo ndi bondo lanu zingalole ulendo woterewu. Akakana, mverani. Akavomera, konzekani m'njira imene mumaidziwa kale: maulendo ataliatali, chikwama kumsana, pa liwiro lanu lomwelo. Nsapato zimene mudzavale kumeneko muyambe kuyenda nazo panopa, chifukwa nsapato yatsopano kuphiri ndi mdani.

Chachiwiri, palibe amene anakunamizani. Kampasi anangoganiza kuti lamuloli mumalidziwa. Ndipo taganizani bwino: mwa maulendo onsewa, kodi pali wina amene anabwerera panjira chifukwa cha inu? M'kalata yanu simunatchule. Zikuoneka kuti nonse mumafika, mumadya kamba wanu pamwamba, n'kutsika amoyo. Injini imene imafikitsa anthu onse sitiinyoza poti siithamanga.

Ndikuuzeninso chimene okwera mapiri aatali amadziwa. Kumwambako mpweya umachepa, ndipo olondolera alendo amachita kukakamiza anthu kuyenda pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. Kawirikawiri amene amavutika ndi aja odzimva mphamvu, othamangira kutsogolo. Kuthamanga si kufika. Mayendedwe amene mukuchita nawo manyaziwa, anzanu akawaphunzira mokakamizidwa.

Komabe musadalire mawu anga okha. Mupezeni Kampasi pambali, mumufunse mosapita m'mbali ngati akuona kuti mungakwanitse, komanso zimene zimachitika wina akalephera panjira. Funsani ngati padzakhale wotsika naye kuti ena apitirize. Yankholo mukalipereke kwa bambowo, mugwirizane musananyamuke, osati kukakanganirana m'tenti.

Za maoda a zovala zaukwatizo, iwalani. Munthu amene wakhala nanu zaka zonsezi amadziwa kulira kwa makina anu, ndipo bodzalo silingafike madzulo.

Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo mulisunge. Mwandionetsa kale kuti manyazi akakugwirani mumabisa ululu. Kuphiri lalitali khalidwe limenelo limapha. Mukadzamva mutu ukuwawa kosaleka, chizungulire, nseru kapena kubanika ngakhale mutakhala pansi, nenani nthawi yomweyo, ndipo akati tsikani, tsikani. Chimodzimodzi bambowo ndi shuga wawo: muziwayang'ana monga munkachitira poyamba paja. Phiri silisamuka.

Pomaliza, mayi, mukuti mukufuna kutsala kuti amuna anu akayende momasuka. Kodi anakupemphani? Munthu wa miyendo italiitali, wokhoza kufika pamwamba anzake asanamange nsapato, wasankha yekha kuyang'ana zidendene zanu zaka ziwiri, madzi ali m'manja. Yankho anapereka kale pamaso pa makanika uja, inu mukumva. Mukadzibisa m'shopumo, dalaivala ameneyo sanyamuka. Ndiye ngati mukufunadi kuti akaone chipale chawocho, sokani thumba lina pachikwamapo, mukaime patsogolo.

Aphungu