Foni yanga ili pa msomali

Lachinayi, tsiku lolemera.

Usiku wathawu sindinagone. Ndivomere, ndimanyoza amuna anga mumtima. Anamvera mlamu wa ku Nathenje, katswiri wa zonse amene analephera Fomu 2, n'kugulitsa rauta yathu, kachipangizo ka intaneti. Akuti, "Intaneti tizitenga pa foni ya mayi a Chisomo." Tsopano foni yanga imatsala pa msomali wa pazenera, pomwe netiweki imagwira, ine n'kupita kukaphunzitsa chimanjamanja.

Dzulo achemwali anaimba kanayi kuti amayi agonekedwa m'chipatala ku Mitundu. Amuna angawo ankangodula, ati zimasokoneza mpira pa laputopu. Mpira wake wa dzana! Mutu wa banja umenewo.

Lamulungu kuli Mgonero. Ambuye, ndikalandire ndi mtima woterewu? Ndiyankheni lisanafike Loweruka, tsiku lokonzekera Mgonerowo.