Amayi anaphikira zinziri alendo anga okonda mbalame

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 47, ndipo kunena zoona moyo ukukoma. Chaka chatha ndinasiya ntchito ya ku positi n'kuyamba kuperekeza alendo pa nyanja ya Burullus kukaona mbalame. Zimene anzanga ankanditcha nazo wamisala, lero zikundidyetsa. M'bandakucha ndimakhala m'bwato pakati pa bango, kulozera anthu akakowa ndi abakha a m'madzi, mtima uli mbee.

Mbalame ndinazikondera pa maukonde. Ndili mwana, nyengo imene zinziri zimaoloka nyanja yaikulu zitatheratu mphamvu, amayi ankandidzutsa amvekere, "Ragab, yang'ana kumwamba, zikubwera!" Tinkapita limodzi kukazikola. Mpaka pano achimwene anga a Sobhi amatcherabe.

Vuto nali. Kwathu mlendo sabwerera pakhomo, ndiye amayi anandilamula kuti alendo anga azidzadya kunyumba. Mwezi watha ndinabwera ndi anayi a ku Holland. Amayi anafuna kuwalemekeza, n'kuwakazingira zinziri mbale yodzaza. Kalanga ine! Mayi wina mwa alendowo, amene m'mawa womwewo anagwetsa misozi ataona zinziri ikutera pamchenga, anangoti kukamwa yasa. Palibe amene anakhudzako. Anadya mpunga wokha.

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola: "Anthu ako akwera ndege kudzaona ndiwo, koma kudya ayi?" Amayi sanaseke. Alendo atapita anandifunsa chapansipansi, "Mwana wanga, kodi manja anga ndi auve?" Zinandiwawa kwambiri.

Kuchokera tsikulo alendo ndimawadyetsa kulesitilanti, amayi ndimawauza kuti anthuwo ali pachangu. Sabata yamawa kukubwera gulu lina. Ntchitoyi ndimaikonda, amayinso ndimawakonda. Nditani?

R.B., Baltim

Bambo R.B.,

Choyamba ndikuyamikeni. Ambiri amandilembera akulira ndi ntchito imene amadana nayo, inu mwapeza yanu. Koma pa nkhani ya zinziriyi wolakwa si amayi, si alendonso. Ndinu. Mbali zonse ziwiri mumazidziwa, koma simunachenjeze aliyense.

Bodza la "ali pachangu" lisiyeni lero. Mukuganiza kuti amayi sakudziwa? Baltim ndi tauni yaing'ono, mwini lesitilantiyo ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo amagula tomato pamsika womwewo.

Khalani nawo pansi muli awiri, achimwene anu a nthabwala aja kulibe. Ayankheni funso limene munalisiya m'malere: manja awo si auve. Afotokozereni kuti anthuwa mbalame amazikonda ngati mmene munthu amakondera mphaka wa pakhomo, ndiye kudya zimawakanika. Musawaletse kanthu, mayi saletsedwa m'khitchini mwake. Apempheni. Nenani kuti alendo amva mbiri ya nsomba yawo yodyera mpunga wa anyezi wokazinga. Mudzaona okha akumanga mpango kupita kumsika m'mamawa.

Alendonso auzeni muli m'bwato, musanafike kunyumba, kuti kwanu zinziri ndi chakudya cha ulemu ndipo maukonde ena amene adzawaone ndi a m'bale wanu. Wofuna kukangana za maukonde akangane ndi inu, osati pa mphasa ya amayi. Afunseninso zimene sadya, si zinziri zokha.

Chenjezo langa ndi ili. Ntchito imeneyi idzakukhazikani ndi anthu ophunzira, a magalasi oonera kutali, ndipo pang'onopang'ono mungayambe kuchita manyazi ndi kwanu. Musayerekeze. Sabata yamawa atengereni alendowo kunyumba, ndipo asanasambe m'manja muwauze, amayi akumva, kuti amene anakuphunzitsani kuyang'ana kumwamba ndi ndani.

Aphungu