Msoti wa Chinkhoswe cha Madalo

South Bend
3 Juni 2024

Okondedwa Achemwali Theresa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lawrence kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo pafoni sindingalankhule poti mwana wanu Madalo makutu ake ndi aatali.

Paja munati mashifiti sakulolani kukhala nkhoswe pa chinkhoswe chake Loweruka likubwerali. Ndiye ndinapempha a Flora, anzanga akuntchito aja a mtundu wa Ashoshoni, eni ake dziko lino. Poyamba anakana. Koma nditatchula dzina la makolo a Chester, mkamwini wathuyo, anandifunsa ngati ali a mpingo wa Amomoni ochokera ku Wyoming. Nditavomera, anati basi unkhoswewo aulandira. Ine ndi kupusa kwangaku ndinasangalala, mpaka ndinawasungitsa msoti woti adzasinthane ndi tambala wa akuchimuna, poti iwo ali ndi khola.

Dzulo ine ndi a Flora tinakaonana ndi makolo a Chester. Bambo ake anatsitsa pakhoma chingwe chakalekale, n'kumatifotokozera monyadira kuti agogo awo ankakokera bwato loolotsa anthu pamtsinje wina kwawoko, ndipo akufuna adzachipereke kwa anawa ngati mphatso. A Flora anachigwira n'kufunsa kuti, "Nanga amene ankaoloka pamenepo bwatolo lisanabwere, anapemphedwa?" Bambowo anangoseka, amati kunali tchire lokhalokha.

Pobwerera a Flora anandiuza kuti dokolo linali la makolo awo, ndipo pamkangano wake panafa m'bale wa agogo awo. Nditawafunsa ngati dzina lija ankalidziwa kale, anangokweza wailesi.

Achemwali, munthuyu akufuna kumanga banja kapena akufuna bwalo? Nawonso akuchimuna ndikuwakayikira, chifukwa chingwecho anachitsitsa atamva kale mtundu wa a Flora. Madalo ali pakati pa zonsezi, akungoyesa zovala zake, sakudziwa kanthu. Ine ndikuopa, mwanayu mnyamatayo amamukonda zedi.

Lero ndawaimbira a Flora ngati ndikufunsa za msoti. Akuti ukudya bwino ndipo adzafika nawo, "pamodzi ndi mawu anga."

Chonde sinthanani shifiti ndi wina mubwere, koma Madalo musamuuze chifukwa chake. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Pobwerapo mugule msoti wina, muusiye m'galimoto mpaka ndidzakukodoleni.

Ndine mng'ono wanu,
Tusekele