Vaneti ya adada isagulitsidwe

Lusaka, 14 Okutobala

Amama okondedwa,

Muli bwanji kumeneko ku Tembwe? Mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti madzi akuvuta kukomboni kwathu, timakatunga kutali. Koma lero sindidandaula, ndili ndi nkhani yabwino.

Sabata yatha kugalaji komwe ndikuphunzira ntchito kunabwera vaneti ya dizilo ya a Jeff, bambo wina wonyamula matimati. M'mawa inkalira bwinobwino, koma injini ikangotentha, basi yazima. Ukaidikira ola limodzi, yaliranso. Amakanika athu anasintha fyuluta, anatsuka tanki, anachotsa mpweya m'mapaipi a mafuta, koma osatheka. A Eugene, eni galaji, anati pampu ya dizilo yatha, ichotsedwe. A Jeff anangogwira kumutu, poti matimati awo anali akuolera kumunda.

Amama, ine ndinazindikira msanga kuti awa ndi matenda a vaneti ya malemu adada! Mukukumbuka momwe tinkakhalira pansi pa mtengo pamsewu wa ku Chikwa, ndi matumba a mpunga, kudikira kuti izizire? Koma tikawoloka mtsinje, madzi n'kuwaza injini, inkayenda mtunda wautali osazima, mpaka adada ankaseka kuti anagula mvuu. Ndinaganiza kuti payenera kukhala kachinthu kamodzi komwe kamadana ndi kutentha.

Ndinapempha a Eugene kuti ndiyeseko. Amakanika anaseka, ndipo a Eugene anati ndikalephera ndibwerera kotsuka masipanala. Tinaliza injini mpaka inazima. Papampu pali kachitsulo ka magetsi kotchedwa solenoidi, kamene kamatsegulira dizilo njira. Munthu akapotoza kiyi kamayenera kumveka kuti tiki. Ndinayandikiza khutu, zii. Ndinatenga botolo langa la madzi akumwa n'kuthira pamenepo pokha. Titapotozanso kiyi, tiki, injini n'kulira! A Eugene sanakhulupirire, tinabwereza katatu.

Tinaika solenoidi yatsopano, vaneti inapita ku Chongwe n'kubwerako dzuwa lili pamutu, osazima. A Jeff anandisiyira dengu la matimati, tagawana nyumba zinayi. Manje a Eugene andipatsa bokosi langalanga la zipangizo, ndipo akuti andilembetsa mayeso a umakanika chaka chamawa.

Pempho langa ndi limodzi. Achimwene a Hosea anandiuza pafoni kuti kunabwera anthu ogula zitsulo zakutha, ndipo achimwenewo akufuna kuwagulitsa vaneti ya adada kumapeto kwa mwezi uno. Ndinayesa kuwafotokozera koma netiweki inaduka, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi kondakitala wa basi ya ku Chama. Chonde, Amama, akanizeni. Inu akumverani. Sindingalumbire kuti vuto ndi lomweli, ndipo motoka yomwe yaima zaka zinayi siisowa matenda ena. Matayala ndikudziwa kuti anaola. Koma ndiloleni ndiigwire kaye ndi manja anga. Aifunditse tenti, nkhuku azichotse m'katimo, ndipo pasapezeke womasula kanthu. Ine ndifika sabata yoyamba ya Novembala, mvula isanatseke msewu, ndi solenoidi, batire ndi mafuta.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga a Deborah, kwa amalume ku Chikwa, ndi kwa azakhali, muwauze kuti chitenje chawo ndinachipeza.

Vanetiyo ikalira, Amama, mpando wa kutsogolo ndi wanu. A Hosea akhala kumbuyo, kuti ikakana atsike akankhe.

Ndine mwana wanu,
Irene