Muyezo Wanu Ndausiya, Amayi

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko? Ndine mwana wanu Bonifasi. Ndikadali m'kanyumba kaja munandimangitsira kuseri kwa khola nditabwezedwa kuchikamwini.

Nandolo chaka chino wabereka, ngakhale mbuzi za alamu ndizo zinayamba kukolola. Achemwali anga a Esitere anachira mwana wamkazi, paukulu wonsewu, ndipo dzina ndi lanu. Ndamuona kawiri, chapatali. Palibe amandiletsa kuyandikira, koma ndimaona mmene anthu amapotolera mphuno poyesa kuti sindikuona.

Chibowo chija madokotala anasiya pamimba panga matumbo atapotana, chija munkachitcha mlendo wathu, chandizunza kwambiri chichokereni inu. Zokatseka akungoti ndidikire. Khungu lozungulira linayamba kufiira, kenako linasupuka, panatuluka zilonda zonyowa ngati ndapsa ndi phala. Kathumba kolandira chimbudzi sikamamatiranso. Ndikamata m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu katayikira. Ndinapaka mafuta odzola, ee, ndiye kunali kuterera kwenikweni. Kutchalitchi ndinasiya, chakudya ndimadyera m'nyumba, ndekha.

Ndiye mnyamata wina wa ku Mbulumbuzi anafunsira Malita, mwana woyamba wa a Esitere. Nanga nkhoswe akhala ndani, poti malume wake ndine ndekha? Alamu, bambo ake a Malita, anabwera, anaima pakhomo osakhala pansi, nati, "Musadzivute alamu, tipempha munthu wina akhale m'malo mwanu." Amayi, mawu amenewo anandiwawa kuposa zilondazo. Ndinawayankha kuti mbumbayi ndi yanga, ndipo sindinafe. Koma mumtima ndinkadziwa kuti kathumba kakadzatayikira pamaso pa alendo, manyazi adzakhala a Malita.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni. Anesi anandifunsa mmene ndimadulira bowo la kathumba. Ndinatulutsa m'thumba chivindikiro chija cha botolo. Mukukumbukira? Tsiku lomwe tinatuluka m'chipatala munachiyika pamimba panga n'kunena kuti, "Muyezo wake ndi umenewu, usasinthe, wamva?" Pasanathe miyezi iwiri inu munamwalira, ndipo ine sindinasinthe ngakhale tsiku limodzi.

Anesiwo anapukusa mutu. "Bambo, chibowochi chinali chotupa nthawi imeneyo, pano chinachepa. Mukadula motakasuka chonchi khungu limatsala poyera, chimbudzi n'kumaliwotcha." Ine ndi liuma langa lija ndinati, "Anayeza ndi amayi anga." Iwo anati, "Akanakhalapo akanayezanso." Chaka chathunthu ndakhala ndikudzipweteka pofuna kumvera inu. Pepani, muyezo wanu ndinausiya, anandidulira wina pa katoni.

Kuyambira pamenepo ndimatsuka ndi madzi ofunda, sopo ayi. Ndimaumitsa mogunditsa kansalu, osakhula, n'kukhala kuseri kwa nyumba wopanda malaya kuti papite mphepo. Kenako ndimawaza ufa wamankhwala womwe anandipatsa, wotsala ndimasasa, ndiye n'kumata. Kunsi kwake sindionako, ndimatsamiritsa kagalasi pa njerwa n'kumasuzumira. Kumeneko n'komwe munkandionera inu. Masiku oyamba sipanasinthe kanthu, ndinatsala pang'ono kubwerera ku chivindikiro. Ndinakumbukira munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachitatu zilonda zinayamba kuuma.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitali. Ndinakhala pampando wa kutsogolo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dzanja limangothamangira pansi pa jekete, koma ponse panali pouma. Ndinaimirira, ndinalankhula, ndinalandira tambala wa kuchimuna ndi manja anga awiri. Malita anandigwadira n'kunena kuti, "Zikomo amalume." Ngakhale alamu anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga.

Anthu atayamba kuvina ndinazemba, ndinapita kukanyumba kanga mofulumira ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinakankha chitseko, pakamwa pali kale mawu akuti, "Amayi, kagwira!" Ndinakhala pamphasa jekete lili m'thupi, ng'oma zikumveka panja. Kumudzi kuno palibe wina amene nkhani ya kathumba kouma ingamusangalatse, n'chifukwa chake ndakulemberani. Ndakusowani kwambiri.

Ndikulonjeza, banja la Malita likadzagwedezeka sindidzatuma munthu. Ku Mbulumbuzi ndidzapita ndekha, ndikakhale pakati pawo mpaka nkhani ithe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Bonifasi