Perefyumu wa Madamu

Lolemba, 3 Marichi

Madamu ayambiranso ntchito lero, tchuthi cha uchembere chatha. Kabwana, khanda lawo limene ndikulera, walira chitsekereni geti mpaka masana. Botolo la mkaka, wakana. Kumsana, wakana. Ndayimba nyimbo zonse za kukwaya, ndi za maliro zomwe. Mlonda pawindo: "Asisi, mwanayo mukumutsina kapena?" Nthabwala, koma anthu a nyumba inayo akamva? Ntchito yoyamba chimalizireni sukulu. Ambuye, ndisaitaye.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndachita chinthu.

Ndimapukuta fumbi kuchipinda kwa Madamu, mwana ali m'manja, akulirabe. Kabotolo ka perefyumu patsogolo pa kalilole. Ndinati ndingonunkhiza chivindikiro. Kenako chala chinadina chokha. Ayi, bodza. Ndinadina ndine. Kamodzi, pakhosi.

Fungo lofatsa. Poyamba maluwa a rozi, pambuyo pake ngati paudala wa makanda, louma, lofunda ngati nsalu yongosita kumene. Kabwana anangoti zii. Anakwirira mphuno m'khosi mwanga, n'kugona, kadzanja katagwira kolala.

Ndasamba Madamu asanafike. "Usabe." Lembolo silinena kuti dontho limodzi n'lololedwa.

Lachisanu, 14 Marichi

Tsiku lililonse tsopano. M'mawa ndimalonjeza Mulungu kuti lero ayi. Mwana akangoyamba, miyendo imandifikitsa komweko.

Madamu andiyamikira pamaso pa Abwana. "Asisi awa ali ndi manja odala." Ndinazolika. Iwo n'kumati ndi ulemu.

Lamulungu, 16 Marichi

Mgonero sindinadye. Ena akupita kutsogolo ine ndinatsala pabenchi, kunamizira chifuwa. Mnzanga wa kukwaya pondinong'oneza: "Iwe, wapeza mwamuna? Bulauzi yako ikununkhira ndalama." Ndinaichapa kawiri bulauziyo. Fungo limeneli silichoka msanga pansalu.

Lachiwiri, 18 Marichi

Madamu anandiitana kuchipinda. Ndinati basi, ndagwidwa. Koma inali zipi ya diresi, imavuta. Ndikukoka, iwo anadzipopera, n'kuyamba kundiuza kuti perefyumuyu anamusankha chifukwa amanunkhira ngati chikwama cha malemu amayi awo: paudala, lipisitiki, ndi timaluwa touma timene ankasunga m'buku la nyimbo. "Ndikadzola ndimamva ngati andigwira paphewa."

Kenako anakweza botolo cha kuwindo, kuliyang'ana kanthawi. Analibweza pamalo pake.

Ndiye kuti chimene ndakhala ndikuba ndi amayi a munthu.

Lachinayi, 20 Marichi

Madamu abwera msanga, mutu umawapweteka. Ndinali ndisanasambe.

Anaponya chikwama, kutambasula manja. Kabwana anawayang'ana, n'kutembenuka kundikakamira ine. Kachiwirinso chimodzimodzi. Nkhope ya Madamu sindidzaiiwala. Anayandikira kuti amulande, n'kuima, mphuno ili pafupi ndi khosi langa.

"Oo." Basi. Analowa kuchipinda.

Bola akanandikalipira.

Lachisanu, 21 Marichi

Ndagwada kukhitchini pamaso pa Madamu, ndaulula zonse, kuyambira tsiku loyamba. Mawu amatuluka ngati a mwana wa sukulu.

"Dzukani, Asisi, pansi pali ponyowa." Anazungulitsa supuni m'kapu. Kenako: "Ine ndimagona ndikulira, kumati mwana wanga wandiiwala chifukwa ndimamusiya. Mukanangondiuza."

Za ntchito sananene. Zovala zanga ndazipinda, mwina mawa.

Lachitatu, 26 Marichi

Sanandichotse. Abwana sadziwa, Madamu sanawauze. Botolo tsopano limayenda m'chikwama chawo.

Kabwana wayambiranso kulira, koma pang'ono. Amafufuza m'khosi mwanga ndi kamphuno, apa ndi apa, n'kupeza sopo wochapira. Amandiyang'ana ngati ndamunamiza. Ndipo ndinamunamizadi.

Madzulo, geti litangolira, anayamba kudumphadumpha. Madamu atalowa anadziponya kwa iwo thupi lonse, nkhope m'khosi mwawo, kuseka. Iwonso kuseka, misozi ili m'maso. Ndi zimene ndinapempherera sabata yonse.

Ndinatuluka kukaanula matewera. Anali asanaume. Ndinaima pachingwe, manja opanda kanthu, pakhosi pakuzizira pamene ankagonapo.

Za kuba ndinalapa, ndipo andikhululukira. Koma izi, Ambuye, zoti ndinawaona awiriwo akuseka ine n'kumva kuwawa, zoti ndikufunabe atatembenukira kwa ine, izi ndizitchula chiyani pamaso panu?