Thadzi la chinkhoswe

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Kutsidya kwa nyanja kuno ku Hyattsville kuzizira kwayambanso, ndipo bondo lija likundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti utsikana unapita kale.

Za kumudzi ndi izi. Mng'ono wanga Tiyamike wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndamuona pa foni, mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga chaka chino chatikana, koma mtedza wa m'munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi wabereka osati masewera.

Chandilembetsa kalatayi ndi filimu, musaseke. Agogo achizungu amene ndimawasamalira ku Alexandria ankaphunzitsa Chifalansa, ndiye masana tikatha kudya amaika mafilimu a m'chinenero chimenecho, ine n'kumawerenga Chingelezi chomwe chimalembedwa m'munsi. Ya Lachiwiri inali yoseketsa. Mayi wina wogulitsa tchizi pamsika, wa msinkhu wangawu, anatopa ndi mayi ake omwe ankangomufunsa za ukwati, mpaka anawanamiza kuti wapeza mwamuna. Mayi akewo atabwera kudzacheza, iye anabwereka bambo wa nyumba yoyandikana nayo, wosamva khutu limodzi, kuti anamizire kukhala mwamunayo. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Pamapeto awiriwo anakondanadi, ndipo mayi ake aja anaulula kuti bodzalo analidziwa kuyambira tsiku loyamba.

Ine ndinapita kubafa kukalira, chifukwa mayi wa tchizi uja ndine.

Amayi, chibwenzi chija kunalibe. A Mwale amene ndinakutumizirani chithunzi chawo ndi bambo a ku Zambia a kutchalitchi kwathu, amayendetsa basi ya ophunzira ku College Park. Ali ndi akazi awo ndi ana atatu. Chithunzicho tinajambulitsa tili atatu titaweruka mapemphero, ine n'kudula mbali imene panali akazi awo. Ndinangofuna kuti Lamlungu lililonse tizichezako zina, osati funso lomwelomwelo. Ndinkati ndidzakuuzani kuti zinatha, koma mukafunsa kuti "apongozi ali bwanji" mawu anu ankamveka okoma, ine n'kuti ndinena sabata yamawa. Paja munkati chakudza sichiyimba ng'oma.

Wa mufilimu uja anali ndi mwayi, mayi ake anadziwa. Ndayesa kudzinamiza kuti nanunso munadziwa, popeza ndili mwana munkandigwira bodza pongondiyang'ana m'maso. Koma pa foni maso saoneka bwino.

Ndipo Tiyamike wandiuza za nkhuku. Akuti munasankha msoti woyera, mukuti umenewo ndiwo mudzapereke kwa akuchimuna pa chinkhoswe changa, ndipo unakula mpaka kukhala thadzi mukuudyetsa m'manja. Mutadwala, chakudya chilichonse chikukukanani, iye anafuna kuipha kuti mumweko msuzi, inu munakana. Sindikuti msuziwo ukanakuchizani. Koma sabata yanu yomaliza munakhala ndi njala chifukwa chosungira nkhuku mwamuna wa mwiniwake. Zikundipweteka, amayi, ndipo manyazi ake sindikudziwa kowaika.

Nkhukuyo ikadalipo, palibe akuikhudza, poti munalamula. Amalume nawo akufunsabe kuti akuchimuna abwera liti. Lamlungu likubwerali ndiwaimbira, ndipo ndinena zonse ndi pakamwa pangapa, osatuma munthu. Akalipa, ine ndimvetsera mpaka amalize.

Ndikhululukireni. Ndimakukondani, ndipo sindidzakunamizaninso.

Ndine mwana wanu,
Esnati